Kayezedwe ka kukula kwa mazira a abakha akutchire omira m'madzi ndi michere ya m'kati mwake

Dzira la bakha likakula kuposa linzake, sizitanthauza kuti mwanapiye wa m'kati mwake wapatsidwa chakudya chochuluka pa mlingo womwewo, chifukwa gawo lalikulu la kulemera kwa dzira ndi madzi. Chimene chimasunga moyo wa mwanapiye m'masiku ake oyamba ndi mafuta a m'chikasu cha dzira pamodzi ndi mapuloteni a m'chikasumo ndi a m'choyera, ndipo kuchuluka kwa zimenezi sikuoneka ndi maso kapena pa sikelo. Njira imene akatswiri a mbalame za m'madzi amatsata ndi yoyeza mazira ambiri ali m'chisa popanda kuwawononga, kenako n'kuphwanya ochepa chabe mu labotale kuti adziwe mmene kukula kwa dzira kumayenderana ndi michere yake. Malangizo ali m'munsimu akutsata njira imeneyo monga mmene imachitikira m'madambo a kum'mwera chakumadzulo kwa chigawo cha Manitoba ku Canada, makamaka kufupi ndi tawuni ya Minnedosa, kumene kuli timaiwe tambirimbiri pakati pa minda ndipo abakha omira pansi pa madzi posaka chakudya akhala akufufuzidwa kwa zaka zambiri.

Mitundu imene mudzakumane nayo kumeneko ndi canvasback, redhead, lesser scaup ndi ruddy duck. Ruddy duck ndiye amaonetsa bwino chifukwa chimene ntchitoyi imachitikira. Thadzi lake limalemera pafupifupi theka la kilogalamu, koma limaikira dzira la magalamu opitirira pang'ono 70, lolemera kuposa dzira la nkhuku logula m'sitolo, moti mazira onse a chisa chimodzi akawaphatikiza amatha kulemera mofanana ndi mayi wawo kapena kumuposa. Thadzi la canvasback limalemera kuposa kilogalamu imodzi, komabe dzira lake silisiyana kwenikweni kulemera ndi la ruddy duck.

Chilolezo ndi zipangizo

Musanayandikire chisa chilichonse, pezani chilolezo. Ku Canada mazira a mbalame zimenezi amatetezedwa ndi lamulo la Migratory Birds Convention Act la 1994, ndipo chilolezo cha kafukufuku chimachokera ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ya Canadian Wildlife Service, pamene ku United States lamulo lake ndi Migratory Bird Treaty Act la 1918. Chilolezocho chimatchula chiwerengero cha mazira amene mungachotse m'zisa, ndipo madambo ambiri ali m'minda ya anthu, choncho muyeneranso kupempha mwini munda. Amene angafune kugwiritsa ntchito njira yomweyi pa abakha omira a kwathu kuno, monga southern pochard ndi white-backed duck amene amapezeka ku nyanja ya Chilwa, ayenera kuyamba wapita ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire.

Zipangizo zake si zambiri. Mufunika vernier caliper, kachipangizo ka mano awiri koyezera utali ndi kunenepa kwa chinthu, yowerenga mpaka 0.1 ya milimita, sikelo yaing'ono yowerenga mpaka 0.1 ya galamu, pensulo yofewa, kapaipi kakuda kounikira mazira, kachitini ka madzi, magolovesi, majombo a mphira ofika m'chifuwa, ndi kabuku kamene sikawonongeka kakanyowa. Magolovesiwo musawanyoze, pakuti abakha akutchire amatha kunyamula chimfine cha mbalame ngakhale akuoneka athanzi.

Kufika pa chisa

Canvasback, redhead ndi ruddy duck amamanga zisa zawo pamwamba pa madzi, m'kati mwa udzu wa m'dambo wofanana ndi njedza ndi mlulu, ndipo njira yozipezera ndi kuyenda m'madzimo pang'onopang'ono mozungulira dziwe. Lesser scaup nthawi zambiri amaikira pamtunda, mu udzu wa m'mphepete mwa madzi. Canvasback amayamba msanga, chakumapeto kwa April ndi m'mwezi wa May, pamene ruddy duck ndi lesser scaup amachedwa mpaka June, choncho amene akufuna kuyerekeza mitundu yonseyi ayenera kukonzekera nyengo yaitali.

Nthawi yoopsa kwambiri kwa chisa ndi pamene thadzi langoyamba kuikira, chifukwa likadzidzimutsidwa lili ndi mazira awiri kapena atatu okha limatha kuchisiyiratu. Ngati mwapeza chisa chotere, lembani pamene chili n'kuchoka, ndipo mudzabwerenso patapita masiku angapo mazira atachuluka. Mukamayeza, musakhalitse, musathyole udzu wobisa chisa, ndipo musamadzere njira imodzimodzi ulendo uliwonse, popeza kanjira kopondedwa kamatsogolera akhwangwala ndi tinyama todya mazira monga raccoon ndi mink ku mazirawo. Pochoka vundikirani mazira ndi nthenga zofewa za m'chisamo monga mmene thadzi limachitira likamapita kukadya.

Kudziwa mwini dzira

Apa ndi pamene ofufuza ambiri amasocheretsedwa, ndipo m'pofunika kudekhapo. Thadzi la redhead lili ndi chizolowezi choikira mazira ake m'zisa za abakha ena, makamaka za canvasback, moti ku Minnedosa si zachilendo kupeza chisa cha canvasback chili ndi mazira a mitundu iwiri. Kusiyanitsa mitundu iwiriyi n'kotheka ndi maso: dzira la canvasback limakhala lobiriwira motuwa, pamene la redhead limakhala loyera mopita ku chikasu ndiponso losalala monyezimira. La ruddy duck nalo silivuta, chifukwa ndi loyera, lokhakhala mukalikhudza, ndipo chigoba chake n'chokhuthala.

Vuto lenileni limabwera pamene mathadzi awiri a mtundu umodzi aikira m'chisa chimodzi, zimene redhead ndi ruddy duck amachita. Bakha amaikira dzira limodzi pa tsiku, choncho ngati mwapeza mazira atatu atsopano patangopita masiku awiri, dziwani kuti pali mlendo. Zizindikiro zina ndi mazira ochuluka mopitirira muyeso wa mtunduwo, dzira losiyana kwambiri maonekedwe ndi anzake, ndiponso dzira limene mluza wake watsalira kutali pamene ena onse akukula mofanana. Dzira lililonse lokayikitsa lilembeni kuti ndi lokayikitsa, ndipo musaliphatikize pa mawerengedwe a thadzi limenelo.

Kusamala kumeneku kuli ndi chifukwa chachikulu. Julian Christians, atasanthula kafukufuku wa mbalame za mitundu yambiri mu 2002, anapeza kuti pafupifupi 70 peresenti ya kusiyana kwa kukula kwa mazira mu mtundu umodzi imachokera pa kusiyana kwa zisa, osati kwa mazira a m'chisa chimodzi. Thadzi limene limaikira mazira aakulu limatero chaka ndi chaka. Motero dzira la mlendo likalowa m'mawerengedwe anu, limasokoneza chinthu chenicheni chimene mukufuna kuyeza.

Dzira lililonse lipatseni nambala ndi pensulo, cha kumutu kwake kwakukulu. Ngati mukuyendera chisa thadzi likadaikira, nambalayo itsate dongosolo la kaikiridwe, chifukwa m'mitundu ina ya mbalame za m'madzi dzira lomaliza limachepa poyerekeza ndi apakati.

Kuyeza m'litali ndi m'lifupi

Gwirani dzira ndi dzanja limodzi pamwamba pa chisa kapena pa nsalu yofewa, kuti likapulumuka lisagwere m'madzi. Yezani m'litali kuchokera kumutu wina kufika kumutu unzake, kenako yezani m'lifupi pamalo pamene dzira lanenepa kwambiri. Poyeza m'lifupi, yendetsani caliper pang'onopang'ono chokwera ndi chotsika mpaka mupeze pamene yatseguka kwambiri, kenako tembenuzani dziralo pang'ono n'kuyezanso, popeza mazira ena sakhala obulungira mofanana mbali zonse. Mano a caliper angokhudza chigoba, osachipana.

Kuchokera pa miyezo iwiriyi mungathe kuwerengera voliyumu ndi kulemera kumene dzira linali nako pa tsiku loikiridwa, pogwiritsa ntchito njira imene Donald Hoyt anafalitsa mu 1979. Chulukitsani m'lifupi ndi m'lifupi momwemo, zotsatirazo muchulukitse ndi m'litali, zonse m'masentimita. Nambala imene mwapeza mukaichulukitsa ndi 0.51 imakupatsani voliyumu, kutanthauza kukula kwa malo amene dzira limatenga, ndipo mukaichulukitsa ndi 0.548 imakupatsani magalamu a dzira laliwisi. Tiyerekeze dzira la ruddy duck la masentimita 6.2 m'litali ndi 4.6 m'lifupi. Kuchulukitsa 4.6 ndi 4.6 kumapereka 21.16, ndipo kuchulukitsa 21.16 ndi 6.2 kumapereka 131.2, choncho voliyumu yake ndi pafupifupi makyubiki sentimita 67 ndipo kulemera kwake ndi pafupifupi magalamu 72.

Taonani chimene chimachitika mukaphonya ndi milimita imodzi yokha. Mukawerenga m'litali kuti 6.3 m'malo mwa 6.2, kulemera kumakwera ndi galamu imodzi ndi pang'ono. Koma mukawerenga m'lifupi kuti 4.7 m'malo mwa 4.6, kulemera kumafika pa magalamu 75, kutanthauza kuti mwaonjezera magalamu atatu amene kulibe. Popeza kusiyana kumene mukufufuza pakati pa mathadzi kungakhale kwa magalamu ochepa chomwecho, m'lifupi ndi mmene muyenera kuikapo mtima, ndipo ngati gulu lanu lili ndi anthu angapo, ndi bwino kuti onse ayambe ayeza mazira amodzimodzi n'kuyerekeza zimene apeza asanagawane madambo.

Nambala ya 0.548 ndi yapakatikati ya mbalame za mitundu yambiri, ndipo mtundu wa chigoba chokhuthala kapena wa dzira losongoka umatha kusiyana nayo. Choncho mukakhala ndi mazira amene mukudziwa kuti angoikiridwa kumene, ayezeni pa sikelo, ndipo kulemera kwa lililonse mukugawe ndi nambala ija ya m'litali ndi m'lifupi kuti mupeze nambala yoyenera mtundu wanuwo.

Chifukwa chake sikelo payokha siikwanira

Wina angafunse chifukwa chovutikira ndi masamu pamene sikelo ilipo. Yankho lake n'lakuti dzira limapepuka tsiku lililonse likamafungatiridwa, popeza madzi amatuluka ngati nthunzi kudzera m'timabowo ta chigoba, ndipo pofika nthawi yoswa limakhala litataya pafupifupi 15 peresenti ya kulemera kwake. Dzira la magalamu 72 likhoza kutsika ndi magalamu khumi kapena kuposerapo m'masiku 24 kapena 25 amene abakha amenewa amafungatira. Mukayeza mazira a chisa china pa tsiku lachiwiri ndi a chisa china pa tsiku la 20, mudzaganiza kuti thadzi lachiwirilo limaikira mazira aang'ono pamene si choncho. M'litali ndi m'lifupi sizisintha, n'chifukwa chake ndi zodalirika.

Msinkhu wa mluza umadziwika m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kuunika, monga Milton Weller anafotokozera mu 1956: ikani dzira kumapeto kwa kapaipi, lozetsani kudzuwa, ndipo suzumirani kumapeto kwinako. Dzira latsopano limaoneka loyera m'kati, ndi kathumba ka mpweya kakang'ono kumutu kwakukulu, ndipo patapita masiku ochepa timitsempha ta magazi timayamba kuoneka, kenako m'kati mumada pamene kathumbako kakukula. Njira yachiwiri, yothandiza pa mazira a chigoba chokhuthala kapena chakuda amene kuwala sikudutsa bwino, ndi kuika dzira m'madzi ofunda pang'ono. Latsopano limagona chafufumimba pansi pa chitini, la masiku angapo limadzutsa mutu waukulu, kenako limaimirira, ndipo lokhalitsa limayandama. Dzira limene mwanapiye wayamba kuboola musaliike m'madzi, ndipo lililonse mulipukute musanalibwezere.

Kusankha mazira opita ku labotale

Tengani dzira limodzi lokha pa chisa, ndipo likhale limene silinayambe kufungatiridwa. Kufungatira kukangoyamba, madzi a m'choyera amasamukira ku chikasu ndipo mluza umayamba kudya, moti simungathenso kulekanitsa magawo awiriwa mwachilungamo. Mazira khumi ochokera ku zisa khumi amaphunzitsa zambiri kuposa mazira makumi atatu ochokera ku zisa zitatu, pa chifukwa chija chakuti thadzi limodzi limabwereza dzira lofanana. Posankha musakopeke ndi aakulu okhaokha, koma onetsetsani kuti muli ndi aang'ono, apakati ndi aakulu, chifukwa popanda zimenezo simudzaona mmene michere imasinthira dzira likamakula. Yezani dzira pa sikelo tsiku lomwelo, lisungeni pozizira, ndipo musaliike mufiriji youmitsa lisanaphikidwe, pakuti chigoba chimang'aluka ndipo chikasu chimasintha.

Kulekanitsa, kuumitsa ndi kuchotsa mafuta

Wiritsani dzira kwa mphindi pafupifupi khumi kuti lilimbe, lizizire, ndipo muliyezenso kuti mudziwe ngati lataya madzi powira. Lekanitsani chigoba pamodzi ndi kakhungu kake ka m'kati, choyera, ndi chikasu, chilichonse m'kambale kake kamene mwayeza kale kulemera ndi kulemba nambala. Palani bwinobwino chikasu chonse chomatirira ku choyera, chifukwa kachidutswa ka chikasu kakatsalira kumeneko mafuta ake sadzawerengedwa. Yezani gawo lililonse lili laliwisi. Mwa abakha chikasu chimatenga pafupifupi magawo awiri mwa asanu a zam'kati mwa dzira, pamene mwa mbalame zoswa ana amaliseche ndi osapenya chimakhala pafupifupi gawo limodzi mwa anayi kapena asanu.

Ikani timbaleto mu uvuni wa labotale pa madigiri 60 mpaka 80, ndipo muziyeza tsiku lililonse kufikira kulemera kutasiya kutsika. Musafulumire pa gawo limeneli. Chikasu chimauma kunja m'kati mukadali chinyezi, choncho chiphwanyeni tizidutswa musanachiike, ndipo timbale tikatuluka mu uvuni tizizirire m'chiwiya chotseka chokhala ndi mankhwala oyamwa chinyezi, apo ayi tidzayamwa madzi a mumpweya musanatiyeze. Choyera cha dzira ndi madzi pafupifupi 88 peresenti, ndipo chotsala chikauma chimakhala pafupifupi mapuloteni okhaokha. Chikasu chili ndi madzi ochepa, pafupifupi theka, ndipo mafuta onse a dzira ali mmenemo.

Mafuta amachotsedwa ndi chipangizo chotchedwa Soxhlet, chimene chimatsuka chikasu chouma ndi choperedwa mobwerezabwereza ndi mankhwala osungunula mafuta kwa maola angapo. Ofufuza abakha ambiri amagwiritsa ntchito petroleum ether, chifukwa imachotsa makamaka mafuta osungidwa amene mwanapiye amawotcha kuti apeze mphamvu, pamene chloroform yosakaniza ndi methanol imachotsanso mafuta a mtundu wina ndi zinthu zina, motero imapereka nambala yokwera. Njira iliyonse imene mwasankha muitchule polemba zotsatira, ndipo musayerekeze nambala zanu ndi za munthu amene anagwiritsa ntchito mankhwala ena. Petroleum ether siichedwa kuyaka, choncho ntchitoyi ichitikire m'kabati yokoka mpweya, kutali ndi moto. Mukamaliza umitsaninso chikasucho n'kuchiyeza, ndipo kusiyana kwa kulemera koyamba ndi kwachiwiri ndiwo mafuta.

Chotsala cha chikasu pamodzi ndi choyera chouma ambiri amachiwerengera ngati mapuloteni. Amene akufuna kulondola kwambiri amawotcha kagawo kake pa madigiri pafupifupi 550 kuti achotsere phulusa, kapena amayeza nayitirojeni n'kuchulukitsa ndi 6.25. Chigoba chouma chimangofunika kuyeza pa sikelo, popeza pafupifupi chonse ndi kashiamu kaboneti.

Mphamvu ya dzira imawerengedwa potenga galamu ya mafuta kukhala makilojulu 39.5 ndi galamu ya mapuloteni kukhala makilojulu 23.6. Mwachitsanzo chabe, ngati chikasu chouma chinali magalamu 15 ndipo chatsika kufika pa 5.5 mafuta atachotsedwa, mafuta ndi magalamu 9.5, amene ndi makilojulu 375. Ngati choyera chouma ndi magalamu 4.5, mapuloteni onse ndi magalamu 10, amene ndi makilojulu 236, ndipo dzira lonse lili ndi makilojulu 611.

Kumasulira zimene mwapeza

Funso limene ntchito yonseyi ikuyankha ndi ili: dzira likakula ndi 10 peresenti, kodi mafuta amakula ndi 10 peresenti, kuposerapo, kapena kucheperapo? Njira yozolowereka ndi kutenga logarithm (masamu osandutsa kuchulukitsa kukhala kuphatikiza) ya kulemera kwa gawo lililonse ndi logarithm ya kulemera kwa dzira laliwisi, n'kujambula mzere wolumikiza ziwirizi. Kupendekeka kwa mzerewo kukakhala 1, gawolo likukula mofanana ndi dzira. Kukaposa 1, mazira aakulu ali ndi gawolo lochuluka kuposa mlingo wawo, ndipo kukachepera 1, dzira lalikulu ladzazidwa kwambiri ndi zinthu zina, nthawi zambiri choyera ndi madzi. Chitani zimenezi pa mtundu uliwonse paokha, chifukwa kusakaniza lesser scaup, amene dzira lake silifika magalamu 55, ndi ruddy duck pa mzere umodzi kumangoonetsa kusiyana kwa mitundu. Mzere ukakhala wodalirika, ndiye kuti mungathe kuyerekezera mafuta ndi mapuloteni a mazira onse aja munangoyeza ndi caliper n'kuwasiya m'zisa. Ngati madontho amwazikana kwambiri, nenani poyera kuti kukula kwa dzira sikukulosera bwino michere mu mtundu umenewo, osakakamiza.

Zotsatirazo zimamveka bwino mukaziika pambali pa moyo wa mwanapiye. Mwana wa bakha womira amachoka m'chisa pasanathe tsiku limodzi kapena awiri ataswedwa, amalowa m'madzi ozizira, ndipo palibe amene amamudyetsa. Asanaswedwe amalowetsa chikasu chotsala m'mimba mwake, ndipo chimenecho ndicho chimamusunga kufikira ataphunzira kugwira chakudya. Jeffrey Pelayo ndi Robert Clark anachita kafukufuku pa ruddy duck ku Minnedosa posinthanitsa mazira pakati pa zisa, kuti asiyanitse ubwino wa dzira ndi ubwino wa thadzi lolera, ndipo mu 2003 anafalitsa zoti anapiye ochokera m'mazira aakulu ankapulumuka kwambiri. Kusinthanitsa kotereku n'kofunika kwa aliyense amene akufuna kunena kuti dzira ndilo lachititsa, chifukwa thadzi loikira mazira aakulu likhoza kukhalanso lodziwa kusankha dziwe labwino.

Lembaninso zimene thadzi linali kudya, popeza michere ya m'dzira imachokera mwina m'chakudya cha masiku amenewo, mwina m'mafuta amene thadzi linasunga m'thupi lisanafike kumalo oswera. Ruddy duck amadalira kwambiri mphutsi zofiira za m'matope za tizilombo tofanana ndi udzudzu koma tosaluma, lesser scaup amakonda tinkhanu ting'onoting'ono totchedwa amphipod, ndipo canvasback, amene nthawi zina amadya mizu ndi timbatata ta zomera za pansi pa madzi, amaonjezera nkhono ndi mphutsi pa nthawi yoikira kuti apeze mapuloteni ndi kashiamu wa zigoba. Choncho pa dziwe lililonse limene mwayezapo chisa, tapani matope ndi madzi pa malo angapo ndi chotapira cha mlingo umodzi, sefani, werengani tizilombo topezekamo, ndipo lembani kuya kwa madzi ndi tsiku limene dzira loyamba linaikiridwa. Tsikulo limapezeka powerenga chobwerera m'mbuyo: pa tsiku limene mwayendera chisa chotsani masiku a kufungatira amene mwapeza pounika, kenako chotsaninso tsiku limodzi pa dzira lililonse la mwini chisa.